Chomera cha pamtengo chochokera ku Thyolo: kodi ndi Aerangis splendida?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Mabvuku mu Harare amene amagwira ntchito yosamala maluwa ku Greendale: "Alamu anga pochokera kumudzi ku Thyolo ananditengera chomera chomata pa kanthambi. Akuti ndi okidi wosowa wa m'nkhalango za kumapiri, dzina lake Aerangis splendida, ndipo okonda maluwa amamugula ndi ndalama zambiri. Masamba ake ndi obiriwira kwambiri, ogawanika kunsonga, mizu ndi yotuwa. Chaka chatha osachita maluwa, ndipo tsamba lina layamba makwinya. Ndingadziwe bwanji kuti ndi yemweyo? Ndimusamale bwanji kuno ku Harare? Alamuwo akuti akhoza kubweretsa ena."

Zikomo bambo pofunsa. Ndi masamba okha palibe amene angakutsimikizireni dzina la chomera chanucho, ngakhale atakhala katswiri wa ku Kew, munda wotchuka wofufuzira zomera wa ku London. Zimene mwafotokozazo, masamba ogawanika kunsonga ndi mizu yotuwa yokakamira pakhungwa, zikusonyeza kuti chikhoza kukhala Aerangis, gulu la maokidi omera pa mitengo. Koma Aerangis ilipo mitundu pafupifupi 50, yambiri ya mu Africa muno ndi ku Madagascar, ndipo ingapo imamera ku Malawi ndi kuno ku Zimbabwe. Isanachite maluwa imafanana kwambiri. Dzina lenileni limapezeka pa duwa, makamaka pa kamchira kamene kamalendewera kuseri kwa duwalo. Choncho ntchito yanu yoyamba ndi kusunga chomeracho chamoyo mpaka chichite maluwa, kenako mutenge rula.

Aerangis splendida anamulemba m'mabuku a sayansi mu 1987. Anamutcha dzinali ndi amayi awiri odziwa za maokidi, Joyce Stewart ndi Isobyl la Croix, ndipo pa nthawi yomweyo anatchulanso mnzake wina, Aerangis distincta, wa ku Malawi. Mayi la Croix anakhala ku Malawi zaka zingapo akuyenda m'nkhalango ndi kulemba za maokidi a kumeneko, amene mitundu yake imapitirira 400. Splendida anamupeza ku Malawi ndi ku Zambia, m'malo owerengeka chabe. Amakonda nkhalango zosayoyola masamba za m'mphepete mwa mitsinje ya kumapiri, pa mtunda wa mamita pakati pa 1,000 ndi 1,500, ndipo amamera pamthunzi wandiweyani, pa thunthu kapena pa nthambi zikuluzikulu pamene pali ndere. Nkhalango za ku Thyolo ndi za mtundu umenewu, kotero mawu a alamu anuwo sindingawataye. Koma m'nkhalango zomwezo muli Aerangis wina amene amapezeka mosavuta, ndipo munthu amene wangothyola kanthambi m'mbali mwa mtsinje kawirikawiri amakhala watenga ameneyo.

Tiyambe ndi zimene mungaone lero lomwe. Yezani tsamba lalitali koposa onse. Splendida wamkulu amakhala ndi masamba aakulu, ofika masentimita 30, obiriwira modera, onyezimira, otambalala chakunsonga ndipo amalendewera pansi. Aerangis mystacidii, amene ndikumuganizira kwambiri pa nkhani yanuyi, masamba ake amaoneka chimodzimodzi koma ndi aafupi, kawirikawiri sapitirira masentimita 15. Ameneyu amapezeka kuchokera ku Tanzania, kudutsa ku Malawi, Mozambique ndi mapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe, mpaka ku South Africa. Vuto ndi loti splendida wamng'ono ndi mystacidii wamkulu masamba awo amalingana, ndiye muyeso wa tsamba umangokupatsani poyambira.

Alipo awiri amene masamba okha amawaulula. Distincta masamba ake amayala mbali ziwiri mophwathalala, tsamba lililonse limayamba lopyapyala kutsinde n'kumakula mpaka kunsonga, kumene limagawanika mozama ngati chipsepse cha kumchira kwa chambo. Mukamuona kamodzi simumuiwala. Winayo ndi Aerangis verdickii, wa m'nkhalango zouma za miombo, zija za misasa ndi minondo zimene timaziona tikangotuluka mu Harare. Masamba ake ndi okhuthala, olimba, obiriwira motuwira, m'mbali mwake mopindikapindika, ndipo mizu yake ndi yonenepa. Ngati chanucho chili chotero, ndiye kuti si cha m'nkhalango ya kuphiri, ndipo chidzapirira chilimwe cha kuno kuposa enawo.

Tsopano duwa. Aerangis amatulutsa phesi la maluwa pa tsinde, m'munsi mwa masamba, m'nyengo ya mvula kapena mvula ikamatha. Likamayamba kutuluka anthu ambiri amaliyesa muzu. Muzu watsopano nsonga yake imakhala yobulungira, yosalala, yobiriwira monyezimira, ndipo umafunafuna khungwa kuti ukakamire. Phesi la maluwa limakhala ndi timfundo tokutidwa ndi timakoko tating'ono, ndipo limaloza kunja n'kumalendewera. Mukaliona lotero musachisunthenso chomeracho.

Duwa la okidi aliyense lili ndi timasamba 6, titatu takunja ndi titatu tam'kati. Kamodzi mwa tam'katito, kamene kamakhala pansi, timakatcha mlomo. Pakati pa duwa pali kamutu kolimba kamene kanyamula mbali yaimuna ndi yaikazi pamodzi, ndipo mungu wake suli ngati ufa wa pa ngayaye ya chimanga ayi, unaumbidwa timibulu tiwiri tobisika pansi pa kachipewa. Kuseri kwa mlomo kumachoka kachubu kopyapyala kotseka kunsonga. Kameneka ndiye mchira ndikunenawu, ndipo m'kati mwake muli timadzi totsekemera. Mukaunika duwa padzuwa la m'mawa mumatha kuona pamene timadzito tafika, chifukwa mchirawo umaonekera.

Musanafike pa mtundu, tsimikizani kaye kuti ndi Aerangis, chifukwa maokidi oyera a michira alipo ambiri m'mapiri athu. Mwa Aerangis mlomo umafanana ndi timasamba tinato, ndi wophwathalala, ndipo sukuta kamutu kapakati. Pa kamutupo pamatuluka kalilime kopyapyala koloza pakhomo pa mchira. Mwa Angraecum, monga Angraecum conchiferum amene amadzaza nthambi m'nkhalango za nkhungu ku Vumba, Nyanga, Zomba ndi Mulanje, mlomo ndi wotakata, wolowa m'kati, ndipo umakumbatira tsinde la kamutuko. Cyrtorchis timasamba take tonse timapindikira kumbuyo, mchira umayamba wotakata n'kumachepa, ndipo duwa likamakalamba limasanduka lachikasu chofiirira. Rangaeris muscicola mudzamudziwa ndi masamba olimba opindika pakati m'litali mwake.

Mukatsimikiza, yezani mchira. Musauwongole ndi zala, umathyoka. Tengani ulusi wosokera, muuyendetse motsata mchirawo kuyambira pamene walumikizana ndi mlomo mpaka kunsonga, mudule ulusiwo, ndiye muuyeze pa rula. Chitani zimenezi pa maluwa awiri kapena atatu otseguka bwino, osati pa lija langotseguka kumene, chifukwa mchira umakhala usanathe kutalika.

Mchira ukakhala wa masentimita 6 mpaka 8, maluwa ali ang'onoang'ono, timasamba take totalika pafupifupi sentimita imodzi, ndipo ali ambiri pa phesi limodzi m'mizere iwiri, ameneyo ndi mystacidii. Nthawi zambiri mchira wake umakhala wofiirira pang'ono. Splendida ndi wina ndithu: maluwa ake ndi oyera, aakulu, timasamba take topyapyala tosongoka totalika masentimita 3 kapena kuposa, ndipo amakhala motalikirana pa phesi lolendewera. Mchira wake umapitirira masentimita 10 ndipo umapindika momasuka, sulendewera chowongoka. Distincta maluwa ake ndi ochepa pa phesi, oyera koma kunsonga ofiirira motuwa, timasamba tiwiri takunja tam'mbali ndi tatitali kuposa kapamwamba, ndipo mchira umayambira masentimita 13 kukafika kupitirira 20. Alipo winanso wa mchira wautali, Aerangis kotschyana, wa m'malo otsika ndi otentha. Mchira wake umatha kufika masentimita 25 ndipo chakunsonga umapotana kangapo mothina. Pa mlomo wake pali timizere tiwiri totukuka pafupi ndi khomo la mchira. Anthu amasokoneza kotschyana ndi splendida chifukwa onse mchira ndi wopindika, koma mukayang'ana timizere tija ndi kapotedwe kake, nkhani imatha. Verdickii nayenso mchira ndi wautali, masentimita 12 mpaka 20, koma paja iyeyu masamba amakhala atamuulula kale.

Mwina mukudabwa kuti n'chifukwa chiyani akatswiri amadalira kamchira kokhaka. Utali wa mchira sungochitika mwangozi, umagwirizana ndi kachilombo kamene kamanyamula mungu wa duwalo. Maluwa a Aerangis ndi oyera kuti azioneka mumdima, ndipo fungo lawo limamveka dzuwa likalowa, masana simumva kanthu. Amene akuitanidwa ndi agulugufe a usiku, aja a matupi onenepa amene amayandama pamalo amodzi kutsogolo kwa duwa akupiza mapiko mofulumira. Gulugufeyo amatambasula lilime lake lalitali n'kulilowetsa mu mchira. Kuti afike pa timadzi amayenera kukankha mpaka agunde kalilime ka pa kamutu kaja, ndipo timibulu ta mungu timamumata n'kupita nato ku duwa lina. Mchira ukafupika gulugufe amamwa ali patali osagunda kanthu, ndipo duwalo silibereka. Choncho mtundu uliwonse umasunga muyeso wake mibadwomibadwo. Charles Darwin ataona okidi wa ku Madagascar, Angraecum sesquipedale, wa mchira wa masentimita pafupifupi 30, ananena mu 1862 kuti payenera kukhala gulugufe wa lilime lotalika chomwecho. Gulugufeyo anadzalembedwa mu 1903, Darwin atamwalira kale. Kuno kwathu mmodzi mwa agulugufe a malilime aatali amene amayendera maluwa oterewa ndi Agrius convolvuli, ndipo mumamudziwa ngakhale simunamve dzina lake: chimbozi chachikulu cha kanyanga kumbuyo chimene chimadya masamba a mbatata kudimba ndiye mwana wake. Ine zimandisangalatsa kwambiri kuti duwa losowa la m'nkhalango ya kuphiri moyo wake umadalira tizilombo ta mtundu umene mlimi amatiphwanya ndi phazi pa mzere wa kholowa.

Tibwere ku tsamba lamakwinyalo, chifukwa chomera chikafa zonsezi sizidzakuthandizani. Okidi ameneyu sayamwa mtengo monga zimachitira zomera zija ena amapangira ulimbo. Mtengo ndi pokhala chabe. Madzi amawatenga ku mvula, mame ndi nkhungu kudzera m'mizu yake yapanja. Kutuwa kwa mizuyo ndi chikopa cha timaselo takufa chimene chimamwa madzi msanga. Thirani madzi pa muzu wamoyo, mudzaona ukusintha kuchoka kotuwa kukhala wobiriwira nthawi yomweyo. Muzu umene sukusintha, ndipo mukaufinya uli wopanda kanthu m'kati, ndi wakufa. Tsamba limachita makwinya pamene madzi sakufika, kaya chifukwa simukuthirira mokwanira, kaya chifukwa mizu yambiri inaduka pothyola ndi pa ulendo wa basi wodutsa ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Ngati pali mizu iwiri kapena itatu ya nsonga zobiriwira, chomeracho chipulumuka.

Harare ali pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,500, kotero kutentha ndi kuzizira kwa kuno sikusiyana kwambiri ndi kwawo kwa chomeracho. Chosiyana ndi chinyezi. Ku Thyolo ndi ku Mulanje, ngakhale m'miyezi ya June ndi July, chiperoni chimabwera n'kunyowetsa mitengo masiku angapo. Kuno guti, chiperoni cha kunoko, amafika mwa apo ndi apo, ndipo kuyambira May mpaka October mpweya umakhala wouma, makamaka September ndi October pamene mphepo yotentha imawomba. Miyezi iwiri imeneyi ndi imene imapha maokidi a m'nkhalango m'mayadi a mu Harare.

Musachichotse pa kanthambi kake, ndipo musachibzale m'dothi kapena m'manyowa, mizu idzaola. Mangirirani kanthambiko pa thunthu la mtengo wa masamba ambiri chaka chonse, monga wa mapeyala kapena wa mango, mbali ya kum'mwera kumene dzuwa silifika kwambiri, pamalo potetezeka ku mphepo. Masamba aloze pansi, kuti madzi asaime pakati pamene pamatuluka tsamba latsopano. Pamenepo pakaola chomera chatha, chifukwa chimakulira pamalo amodzi okhawo. Pomangira gwiritsani ntchito kansalu kofewa, osati waya. Thirirani m'mawa mpaka mizu yonse ibiriwire, ndipo pofika madzulo ikhale itauma. M'nyengo yotentha thirirani tsiku lililonse, ndipo pa masiku otentha kwambiri muwazenso chakumadzulo pa mizu ndi pa khungwa lozungulira. M'nyengo yozizira chepetsani, kawiri kapena katatu pa sabata n'kokwanira, ndipo ngati kwanu kumagwa chisanu monga zimachitikira m'malo a madambo, chilowetseni pakhonde usiku. Madzi a mvula ndiwo abwino. A pachitsime chobowola nthawi zina amakhala ndi mchere umene umasiya zoyera pa mizu n'kuwotcha nsonga, ndipo a pampopi ndi bwino kuwasiya m'ndowa usiku wonse musanathirire. Feteleza wa maluwa wosungunula m'madzi muthire gawo limodzi mwa magawo anayi a muyeso wolembedwa pa paketi, m'nyengo yokha imene mizu ikukula. Nkhono ndiye mdani wamkulu. Zimadya nsonga za mizu ndi phesi lanthete usiku umodzi wokha, choncho m'nyengo ya mvula muzizonda ndi tochi.

Chomera chimene chazunzika pa ulendo chimayamba chamanga mizu chisanaganize za maluwa, ndipo chaka chimodzi kapena ziwiri zopanda duwa si zachilendo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musachithire feteleza wambiri pofuna kuchifulumizitsa.

Za alamu anu zoti abweretse ena, ndikupemphani ndi mtima wonse kuti muwakanize. Choyamba ndi lamulo. Maokidi onse ali pa mndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire pakati pa mayiko, limene Malawi ndi Zimbabwe onse anasaina, ndipo kudutsa nawo malire kumafuna chilolezo, kuphatikizapo kalata yosonyeza kuti chomeracho chilibe matenda. Ku Malawi kutenga chomera m'nkhalango yotetezedwa kumafuna chilolezo cha a zankhalango. Kuno ku Zimbabwe lamulo la Parks and Wild Life Act limaika maokidi a m'dziko muno omera pa mitengo ndi pa miyala m'gulu la zomera zotetezedwa mwapadera, moti kuwathyola kapena kuwagulitsa popanda chilolezo ndi mlandu. Munthu wogwira ntchito pa yadi ya eni ake sangafune kuti nkhani yotere imupeze.

Chachiwiri ndi mmene chomerachi chimaberekera. Ansellia africana, okidi wamkulu wa maluwa achikasu a mawangamawanga amene mumamuona m'mayadi ambiri, amapanga chitsa chachikulu chimene mungagawe. Aerangis sagawika. Ali ndi tsinde limodzi, ndipo amene wamuchotsa pamtengo wachotsa chomera chonse. Kuti pamere china pamafunika gulugufe apeze maluwa a zomera ziwiri zoyandikana, chipatso chikhwime n'kung'ambika, ndipo njere zake, zimene ndi zazing'ono kwambiri moti zimauluka ndi mphepo, zigwere pa khungwa loyenera. Njerezo zilibe chakudya m'kati monga ili nacho nyemba. Zimamera pokhapokha zitakumana ndi tiulusi ta bowa wina wosaoneka ndi maso amene amazidyetsa poyamba. Mwa njere zikwizikwi zimamera zowerengeka, ndipo kuchokera pamenepo mpaka duwa loyamba pamapita zaka zingapo. Pa mtsinje umene pali zomera khumi zokha, thumba limodzi la alamu likhoza kumaliza mtundu wonse pamalopo. Inu a ku Thyolo mukudziwa bwino kuposa ine mmene nkhalango ya paphiri paja inathera, moti yambiri yotsala ndi timagawo ta m'minda ya tiyi ndi m'makhwawa. Zofananazo zikuchitikira maokidi a pansi, a Disa ndi Satyrium, amene anthu amakumba timbatata take kuti apange chikande, mpaka ku Nyika komwe.

Ndalama zimene alamu akunenazo nazonso siziliko mmene akuganizira. Osunga maokidi odziwa zinthu amafuna mbande zomeretsedwa kuchokera ku njere m'mabotolo, chifukwa zimazolowera msanga ndipo zili ndi mapepala. Chothyola kutchire amachidziwa ndi mizu yoduka, ndipo ambiri sachigula.

Chanucho chikadzachita maluwa, lembani tsiku limene duwa loyamba latseguka, muwerenge maluwa a pa phesi, ndipo mununkhize madzulo. Jambulani ndi foni chomera chonse, duwa chakutsogolo, ndi duwa cham'mbali rula ili pambali kuti mchira uoneke wonse. Dulani duwa limodzi ndi kaphesi kake, muliike m'kabotolo ka spiriti wothira madzi pang'ono, chifukwa duwa la okidi likauma limafota n'kutaya maonekedwe, pamene m'spiriti kamutu ndi kalilime kaja zimasungika bwino. Zithunzizo ndi kabotoloko mupite nazo ku National Herbarium and Botanic Garden ku Alexandra Park, kumene amasunga zitsanzo za zomera za m'chigawo chonse cha Zambezi, za ku Malawi zomwe, ndipo angathe kuyerekeza duwa lanulo ndi zimene ali nazo. Afunseninso alamu anu dzina la mtsinje kapena mudzi umene anachitenga ndi mtundu wa mtengo umene chinamerapo. Chikadzapezeka kuti ndi splendida kapena distincta, malowo ndi amene akatswiri adzawafune kuposa chomeracho, ndipo muwauze a herbarium ya ku Zomba kuti akaone ngati zina zikadalipo. Malowo musawalembe pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, chifukwa othyola nawonso amawerenga.